Ayamwitse kapena asayamwitse: kuunika momwe kafukufuku amaonera malangizo otsutsana a kuchipatala

Mayi wa ku Malawi amene anapezeka ndi kachirombo ka HIV cha m'ma 2004, nabereka ana atatu m'zaka khumi zotsatira, anamva mawu atatu osiyana pa funso limodzi. Pa mwana woyamba anauzidwa kuti mkaka wa m'mawere umapatsira kachirombo, choncho ngati angakwanitse mkaka wa m'chitini asayamwitse n'komwe, ndipo ngati sangakwanitse ayamwitse kwa miyezi yochepa. Pa wachiwiri anauzidwa kuti ayamwitse mwakathithi kwa miyezi 6 kenako amusiyitse. Pa wachitatu, atayamba kumwa ma ARV, anauzidwa kuti apitirize kuyamwitsa mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mawu onsewa anachokera kusikelo, mwinanso pakamwa pa namwino yemweyo. Palibe amene anamunamiza mayiyu, chifukwa aliyense ananena zimene zinali m'malangizo a nthawi yake.

Nkhani ya kuyamwitsa ndi HIV ndiye chitsanzo chachikulu chimene Malawi ali nacho cha zimene zimachitika uphungu wa chipatala ukamadzitsutsa wokha. Yalembedwa kwambiri, ndipo mbali ya sayansi yake inayenda bwino. Chimene chikupereweza ndi momwe ofufuza ambiri amafotokozera zochita za amayi amene analandira uphunguwo.

Kusintha kwa malangizo kunali ndi zifukwa zomveka. Kafukufuku wa Nduati ndi anzake ku Nairobi, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti pofika zaka ziwiri ana pafupifupi 37 mwa 100 alionse oyamwa anali atatenga kachirombo, pamene mwa omwa mkaka wa m'chitini anali pafupifupi 21. Bungwe la WHO mu 2001 linalangiza kuti mayi amene ali ndi HIV asayamwitse ngati mkaka wina ndi wovomerezeka kwa iye ndi abale ake, wotheka kuukonza, wokwanitsika kugula, wosadukiza ndiponso wotetezeka, mfundo zisanu zimene ogwira ntchito zachipatala amazidziwa ndi dzina loti AFASS. Koma amayi a mu kafukufuku wa ku Nairobi anali a m'tauni, okhala ndi madzi a m'mipope. Kumene kunalibe madzi otere zotsatira zinatembenuka. Ku Botswana, kafukufuku wa Mashi anaonetsa kuti pofika miyezi 7 ana omwa mkaka wa m'chitini ankamwalira mochuluka pafupifupi kawiri kuposa oyamwa, ndipo kumayambiriro kwa 2006, mvula yambiri itaipitsa madzi akumwa, matenda otsegula m'mimba anapha ana oposa 500 m'dzikomo, ambiri mwa iwo osayamwa. Ku Lusaka, Kuhn ndi anzake anayerekeza kusiyitsa mwana mwadzidzidzi pa miyezi 4 ndi kupitiriza kuyamwitsa. Kusiyitsako sikunachulukitse ana okhala moyo opanda kachirombo, ndipo mwa ana amene anali atatenga kale kachirombo, osiyitsidwa msanga ndiwo ankamwalira kwambiri.

Mbali ina ya umboniwu inachokera kuno komwe. Ku Blantyre, kafukufuku wa PEPI anaonetsa kuti kupatsa mwana nevirapine kwa masabata 14 kumachepetsa ndi theka chiwerengero cha ana otenga kachirombo pofika miyezi 9, kuchoka pa ana pafupifupi 11 mwa 100 kufika pa 5. Ku Lilongwe, kafukufuku wa BAN, amene anatsatira amayi ndi ana awo 2,369, anapeza kuti ma ARV, kaya amwe mayi kaya mwana, amateteza mwana pa nthawi yoyamwa. Amayi a mu BAN ankalangizidwa kusiyitsa ana pakati pa masabata 24 ndi 28, monga malangizo a nthawiyo ankanenera, ndipo atawatsatira mpaka masabata 48 ofufuza anaona kuti atasiya kuyamwa ana anayamba kudwala kwambiri kutsegula m'mimba ndi malungo, kusakula bwino kunachuluka, imfanso zinachuluka. Kafulafula ndi anzake anapeza zofanana ku Blantyre. Motero mu 2010 WHO inati mayi womwa ma ARV ayamwitse mpaka miyezi 12 ndipo asasiyitse mwadzidzidzi, ndipo mu 2016 inati angapitirize mpaka zaka ziwiri kapena kuposa apo.

Kwa munthu wowerenga magazini a zachipatala, umu ndi momwe sayansi imayenera kuyendera: umboni watsopano wabwera, malangizo asintha. Kwa mayi wokhala pabenchi ya kusikelo, zimene anaona ndi zakuti chinthu chimene chaka chatha chinali poizoni kwa mwana, chaka chino akuti ndi mankhwala.

Maphunziro ambiri a mutu wa malangizo otsutsana anachitikira ku America, ndipo maganizo amene ophunzira a zaumoyo amatengera m'mapepala awo amachokera kumeneko. Wodziwika kwambiri ndi wa Rebekah Nagler wa 2014, wokhudza nkhani za zakudya m'manyuzipepala ndi pa wailesi: lero khofi ndi wabwino, mawa ndi woipa, chimodzimodzinso vinyo, nsomba ndi mavitamini. Iye anapeza kuti anthu amene amamva zotsutsana zotere amasokonezeka, ena amayamba kukayikira ofufuza onse, ndipo chidwi chawo chotsatira ngakhale uphungu umene palibe amene amautsutsa, monga kudya zipatso ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, chimachepa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti kukayikira sikukhala pa mutu umodzi, kumafalikira. Delesha Carpenter ndi anzake mu 2016 anayesa kusanja mitundu ya kutsutsanaku, nasiyanitsa mawu otsutsana amene munthu amamva pa nthawi imodzi ndi amene amasintha pakapita nthawi.

Ntchito zimenezi ndi zothandiza, koma zili ndi malire amene olemba a kuno saawatchula akamazibwereka. Munthu wa mu kafukufuku wa Nagler akasokonezeka pa nkhani ya khofi angathe kungoisiya, osasankha mbali, moyo n'kumapitirira. Mayi amene mwana wake akulira usiku alibe mwayi wosasankha. Chachiwiri, ku America kutsutsana kumaoneka ngati kwa magwero awiri olingana mphamvu, nyuzipepala iyi ndi iyo. Kumudzi kwa Chitukula kapena ku Ndirande magwerowo salingana. Namwino amamuona mayiyo kamodzi pamwezi, kwa mphindi zochepa. Apongozi ake aakazi amamuona tsiku lililonse, ndipo ndi amene amatsala ndi mwana iye akapita kumunda kapena kumsika. Rachel Bezner Kerr ndi anzake, m'kafukufuku wa ku Ekwendeni wofalitsidwa mu 2008, anaonetsa mphamvu imene agogo aakazi a kuchimuna ali nayo pa kadyetsedwe ka khanda, kuphatikizapo kulipatsa mzuwula, dawale ndi phala lamadzimadzi lisanafike miyezi 6. Chachitatu, kusiyanitsa kwa Carpenter kwa zotsutsana za nthawi imodzi ndi za nthawi zosiyana sikugwira bwino kuno, chifukwa malangizo akale sachoka pamene atsopano afika. Amatsalira mwa namwino amene sanapite ku maphunziro atsopano, pa chithunzi chakale chimene palibe anachimatula pakhoma, ndi mwa mnansi amene anasiyitsa mwana wake pa miyezi 6 mu 2007 mwanayo n'kukula wopanda kachirombo. Mnansi ameneyu ali ndi umboni woyenda ndi miyendo iwiri, ndipo palibe kapepala ka unduna kangamupose.

Ofufuza a ku Malawi ena anaiona bwino nkhaniyi. Piwoz ndi anzake mu 2006 anaonetsa kuti zimene ogwira ntchito zachipatala ku Lilongwe ankakhulupirira ndi kuuza amayi zinkasiyana ndi malangizo olembedwa. Østergaard ndi Bula mu 2010 anafotokoza za amayi a ku Lilongwe amene ankafuna kuyamwitsa mwakathithi koma ankakokedwa uku ndi uku ndi uphungu wosiyana, umphawi ndi mantha a kusalidwa. Pepala la Jacqueline Chinkonde ndi anzake la 2012 ndi limene linafika pa gwero, chifukwa silinafunse amayi okha. Linafunsanso okonza ndondomeko ndi ogwira ntchito m'zipatala, ndipo linapeza kuti kusagwirizana ndi chisokonezo zinali pa magawo onse, kuyambira pamwamba. Izi zikutanthauza kuti chisokonezo chimene chimapezeka mwa mayi sichinayambire mwa iye. Chinatsika kuchokera kumaofesi, iye n'kukhala wochilandira womaliza.

Komabe mtundu wa kafukufuku umene wachuluka kwambiri, makamaka m'mapepala a ophunzira, ndi uja wofunsa zimene anthu akudziwa, zimene amaganiza ndi zimene amachita. Mayi amafunsidwa kuti mwana wa mayi amene ali ndi HIV ayenera kuyamwa mpaka liti. Akayankha kuti miyezi 6, amalembedwa m'gulu la osadziwa, ndipo pomaliza pepalalo limapempha kuti amayi aphunzitsidwe. Koma mayi ameneyu akudziwa. Wayankha molondola funso la mayeso a 2006. Anamvetsera kusikelo, anasunga zimene anauzidwa, ndipo mwina anavutika nazo pozitsatira. Kumuika pamodzi ndi mayi amene sanamvepo kanthu ndiko kutaya chinthu chokhacho chimene kafukufukuyo akanatha kupeza, ndicho chakuti uthenga wakale unafika koma wouchotsa sunafike. Mafomu ofunsira mafunso otere kawirikawiri safunsa kuti munthuyo anamva kwa yani, chaka chiti, ndipo kodi anamvaponso zosiyana. Mafunso atatu amenewa sawonjezera mphindi zisanu pa kucheza, koma angasinthe tanthauzo la zotsatira zonse.

Vuto lina ndi lakuti zochita za mayi zimawerengedwa ngati kumvera kapena kusamvera, pamene nthawi zambiri iye amakhala akuyesa kumvera onse awiri. Namwino wati bere lokha. Agogo ati mwana akulira ndi njala, apatsidwe phala. Namwino wina wa chaka chatha anati mkaka wa m'mawere uli ndi kachirombo. Chimene mayi woganiza bwino angachite pamenepa ndi kuchepetsa bere, kuonjezera phala, ndi kugula chitini chimodzi cha mkaka ndalama zikapezeka, poganiza kuti wachepetsa ngozi mbali zonse. Mapanga awiri avumbwitsa. M'zaka zimene ma ARV kunalibe, kusakaniza kotereku ndiko kunali koopsa kuposa kuyamwitsa mwakathithi, monga Coutsoudis ndi anzake anaonetsera ku Durban mu 1999 ndipo ena anatsimikizira pambuyo pake ku Zimbabwe ndi ku KwaZulu-Natal. Malangizo awiri otsutsana sanagawe amayi m'magulu awiri, ena uku ena uko. Anabala njira yachitatu imene palibe anailangiza, ndipo inali yoipitsitsa. Kafukufuku wongowerenga omvera ndi osamvera sangaione njira imeneyi kuti inachokera kuti.

Pali chinanso chimene mafomu sagwira. Kumudzi mwana wa miyezi 6 akasiyitsidwa bere anthu amafunsa chifukwa, ndipo mayankho amene amabwera m'maganizo mwawo ndi ochepa: mayiyo watumbiza, kapena ali ndi matenda. M'zaka zimene uthenga wosiyitsa pa miyezi 6 unafala, kusiyitsa kunasanduka chizindikiro chimene aliyense ankatha kuwerenga. Choncho pakati pa malangizo awiri mayi sankasankha umene waukhulupirira kwambiri, ankasankha umene sungamuulule kwa mwamuna wake ndi kwa apongozi. Apa malangizo a 2010 ndi 2016 anathandiza mwa njira imene okonza ake mwina sanaiike patsogolo: analola mayi amene ali ndi HIV kuyamwitsa monga mayi wina aliyense.

Yankho la Malawi pa chisokonezo chonsechi linali kufewetsa. Mu Julaye 2011 dziko lino linayamba ndondomeko ya Option B+, loyamba padziko lonse: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse, posayang'ana kuchuluka kwa chitetezo cha m'thupi mwake. Panthawiyo WHO inali ndi njira ziwiri, A ndi B, zonse zodalira kuyeza CD4, ndipo makina oyezera anali m'zipatala zochepa. Zotsatira zinaoneka msanga. Amayi oyamba ma ARV pa miyezi itatu anachoka pa 1,257 m'gawo lachiwiri la 2011 kufika pa 10,663 m'gawo lachitatu la 2012, ndipo mu 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake. Palibe chifukwa chochepetsera chipambano chimenechi. Uthenga umodzi, piritsi limodzi patsiku, ndipo namwino wa kuchipatala chaching'ono sankafunikanso kuweruza ngati banja likukwaniritsa mfundo zisanu za AFASS, ntchito imene kunena zoona inali yosatheka m'mphindi zochepa za uphungu.

Koma olemba ambiri amaima pamenepa ngati kuti vuto la malangizo otsutsana linatha. Tenthani ndi anzake mu 2014 anapeza kuti amayi 17 mwa 100 alionse oyamba Option B+ anali atasowa pofika miyezi 6, ndipo amene anayamba ali oyembekezera anali ndi mpata wochuluka kasanu wosabweranso pambuyo pa ulendo woyamba poyerekeza ndi amene anayamba chifukwa chodwala. Zifukwa zimene zimatchulidwa ndi zoona: kuyamba mankhwala tsiku lomwelo lopimidwa, kuopa mwamuna, mtunda. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi chakuti Option B+ nayonso inatsutsa uthenga wakale. Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti ma ARV ndi a munthu amene chitetezo chatsika, ndipo wathanzi adikire. Mwadzidzidzi mayi wathanzi, wobwera kudzangoyezetsa mimba, akuuzidwa kuti ayambe lero mpaka imfa, pamene mwamuna wake wokhala ndi kachirombo komweko akuuzidwa kuti adikire kaye. Kusiyana kumeneku m'nyumba imodzi kunakhalapo mpaka 2016, pamene Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa aliyense wopezeka ndi HIV. Pepala lofufuza kuti banja linkamvetsa bwanji malangizo awiriwa likanakhala lofunika kuposa ambiri amene analembedwa.

Nkhani ya dolutegravir inaonetsa kuti dongosolo lofotokozera kusintha linali lisanakonzedwebe. Mu Meyi 2018 kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anaona ana 4 mwa 426 obadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo kwa amayi amene anatenga mimba akumwa mankhwalawa. Mayiko anachenjezedwa, ndipo pamene Malawi ankayamba kusintha odwala kuchoka pa 5A kupita pa 13A mu Januwale 2019, anayambira amuna ndi amayi opitirira msinkhu wobereka. Amayi a m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa amene ali ndi HIV anali atakumana kale ku Kigali mu Julaye 2018 n'kunena kuti akufuna kuuzidwa ngozi yake ndi kusankha okha, osati kumanidwa mankhwala abwino. Chiwerengero cha amayi otsatidwa chitakula, ngoziyo inachepa: mu 2019 anali ana 5 mwa 1,683, ndipo m'zaka zotsatira kusiyana ndi mankhwala ena kunazimiririka. WHO mu Julaye 2019 inati dolutegravir ndi woyenera kwa onse. Kuchenjeza kwa 2018 sikunali kulakwa, pakuti ndi umboni umene unalipo kukhala chete kukanakhala koipa. Koma mayi amene anauzidwa mu Januwale kuti mankhwala atsopano angalumalitse mwana wake, n'kupatsidwa botolo la mankhwala omwewo chaka chisanathe, anayenera kumva kuti chasintha n'chiyani. Malangizo a unduna amafotokozera dokotala mlingo ndi tsiku loyambira. Sapereka kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo mawu awiri atatu onenera kuti poyamba tinkanena zakuti, tsopano tapeza zakuti, chifukwa chake ndi ichi. Ogwira ntchito ambiri amaopa kuti kuvomereza kusintha kuchepetsa chikhulupiriro cha odwala, choncho amangonena zatsopanozo ngati kuti zakale sizinanenedwepo. Wodwala amakumbukira, ndipo amapita kukafunsa kwa mnzake pabenchi kapena pa WhatsApp. Ngati mantha a ogwira ntchitowa ndi oona kapena ayi ndi funso loyesedwa mosavuta, poyerekeza zipatala zimene zimafotokoza chifukwa cha kusintha ndi zimene zimangolengeza, ndipo ndi kafukufuku woyenera wophunzira wa digiri yachiwiri.

Kutsutsana kumene kulipo lero n'kochenjera kuposa kwakale. Uthenga wa Tizirombo Tochepa = Thanzi, wofanana ndi U=U wa m'mayiko ena, umati munthu amene tizirombo sitikuoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Umboni wake ndi wolimba. Koma pa kuyamwitsa ngoziyo siinafike pa ziro: kafukufuku wa PROMISE, amene anachitikiranso ku Blantyre ndi Lilongwe, anapeza kuti pofika miyezi 12 ana osakwana mmodzi mwa 100 anatenga kachirombo. Ndi ochepa kwambiri, koma alipo. N'chifukwa chake mwana woyamwa amayezedwabe mobwerezabwereza mpaka atasiya bere. Mayi amene wamva kuti sangapatsire, kenako n'kuitanidwa kudzayezetsa mwana, ali ndi chifukwa chodabwira, ndipo akapanda kubwera adzalembedwa kuti wasowa.

Kusiyana komweku kumawapezanso Amalawi okhala kunja. Ku Britain malangizo a BHIVA amati njira yotetezeka kwambiri ndi mkaka wa m'chitini, ngakhale amalola kuthandiza mayi wosankha kuyamwitsa ngati tizirombo sitikuoneka, ndipo America inafewetsa malangizo ake mu 2023 kuti mayi asankhe pokambirana ndi dokotala. Mayi wa ku Malawi woberekera ku Manchester amauzidwa ndi chipatala kuti asayamwitse, pamene mng'ono wake ku Zomba, womwa mankhwala omwewo, akuyamwitsa mpaka zaka ziwiri mwa lamulo la chipatala. Malangizo onse awiri ndi olondola pamalo pake, chifukwa chimene chikusiyana ndi madzi, mtengo wa mkaka ndi ngozi ya kutsegula m'mimba. Awiriwa amayankhulana pa foni mlungu uliwonse, ndipo amayi awo kumudzi amafunsa chifukwa chimene mdzukulu wa ku Ulaya sakuyamwira.